Loya Akasiya Milandu, Kodi Maphunziro Ake Atayika?

1. Funso la pamudzi

Pamudzi pakatuluka mwana wophunzira za malamulo, anthu onse akondwera. Amake aluluta, amalume ake ayenda chotukula mutu, ndipo ngakhale anthu a midzi yoyandikana ayamba kunena kuti, "Ujatu ndi mwana wathu." Kukondwa kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Maphunziro a malamulo ndi aatali, ndiponso adya ndalama zambiri. Kuti mwana afike pamenepo, kawirikawiri ng'ombe zagulitsidwa, fodya ndi mtedza zapita kumsika, ndipo ana ena a m'nyumba momwemo alekeza sukulu panjira kuti mmodziyo apitirire.

Munthu wophunzira chotero atchedwa loya. Ntchito yake ndiyo kuimira anthu pa milandu, kuwamasulira malamulo, ndi kuwalembera mapangano kuti asadzanyengedwe. Pa bwalo la mfumu munthu adzinenera yekha, kapena mbale wake amnenera. Koma kukhoti malamulo ali olembedwa m'mabuku ambirimbiri, ndipo munthu wamba asokera msanga. Loya ndiye amtsogolera.

Tsono zichitika nthawi zina kuti loya, atagwira ntchito zaka zingapo, afika kwa abale ake nanena kuti, "Ntchito iyi ndifuna kuisiya." Wina atero chifukwa anthu samdzera ndi milandu. Wina atero chifukwa mtima wake watopa ndi mikangano ya tsiku ndi tsiku. Winanso atero chifukwa waona ntchito ina imene imkoka mtima. Pamenepo chimwemwe chija chisanduka mkwiyo, ndipo akulu a banja afunsa kuti, "Nanga ng'ombe zathu zinapitiranji?"

Kodi munthu wotere ayenera kudzudzulidwa kapena kuthandizidwa? Ngati ayenera kuthandizidwa, chithandizo choona n'chotani? Mafunso awa sayankhika bwino ndi mawu okhaokha. Kuli bwino kuyang'ana moyo wa munthu mmodzi amene anayenda njira yonseyi, analephera, nafunafuna ntchito ina, nalemera, ndipo potsiriza anasiya milandu mwa kufuna kwake. Munthuyo ndi Mohandas Gandhi wa ku India.

2. Mnyamata wa ku Porbandar

Gandhi anabadwa m'chaka cha 1869 ku Porbandar, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja m'dziko la Gujarat, kumene kunachokera makolo a Amwenye ambiri a masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre. Atate ake anali nduna yaikulu ya mfumu ya kumeneko, koma anamwalira mu 1885 osasiya chuma chambiri. Mkulu wina, bwenzi la banjalo, analangiza kuti mnyamatayo atumizidwe ku England akaphunzire za malamulo, kuti pobwera adzakhale pa mpando wa atate ake ndi kusenza banja lonse. Ndalama zinali zosowa. Amene anadzipereka kuti azipeza, ngakhale pokongola, anali mkulu wake wa Gandhi, dzina lake Laxmidas.

Mu 1888, ali ndi zaka 18, mnyamatayo anakwera sitima ya pamadzi ku Bombay, mzinda umene lero utchedwa Mumbai, kumka ku London. Kumudzi anasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Anaphunzira ku Inner Temple, limodzi la mabungwe anayi a ku London amene apatsa munthu chilolezo cha kuvala mkanjo wa uloya. Mu June 1891 analandiridwa kukhala loya, ndipo pomwepo anabwerera kwawo.

Laxmidas anamchingamira ndi chiyembekezo chachikulu. Anali atayamba kale kukuza khomo lake ndi kuonjeza zogula za panyumba, poganiza kuti ndalama za milandu zilowa ngati madzi. Pamenepa mkulu uja sanasiyane ndi amalume a pamudzi uliwonse amene anagulitsa ng'ombe.

3. Tsiku la manyazi

Gandhi anayamba ntchito ku Bombay. Miyezi inapita popanda munthu womdzera ndi mlandu, ndipo ndalama za nyumba ndi za chakudya zinali kutuluka m'thumba la mkulu wake. Potsiriza mayi wina anampatsa kamlandu ka m'khoti la ngongole zazing'ono. Malipiro ake anali rupiya 30, pakuti rupiya ndiyo ndalama ya ku India. Nthawi itakwana yakuti afunse mboni za wodandaula, loya watsopanoyo anaimirira. Mutu wake unazungulira, ndipo funso ngakhale limodzi silinamfike pakamwa. Anakhala pansi, nauza anthu a mayiyo kuti afune loya wina, nabweza rupiya 30 zija, natuluka ali wogwidwa ndi manyazi.

Pamenepo anayamba kulingalira za ntchito ina. Anaona m'nyuzipepala kuti sukulu ina yomveka ifuna mphunzitsi wa Chingerezi wa ola limodzi pa tsiku, malipiro ake rupiya 75 pa mwezi. Anapita kukaonekera, koma mkulu wa sukuluyo anamkana chifukwa analibe digiri ya ku yunivesite. Munthu amene anakhala zaka zitatu ku London, nawerenga mabuku a malamulo m'Chingerezi ndi m'Chilatini, anauzidwa kuti sayenera kuphunzitsa ana.

Ili ndilo tsoka loyamba la loya wofuna ntchito ina. Olemba ntchito ayang'ana pepala lake, napeza kuti silinena za ntchito yawo. Ena amuopa kuti waphunzira koposa, ndipo sadzakhalitsa. Motero munthu aima pakati, kumbuyo kwamkana, kutsogolo sikumlandira.

Atakhala ku Bombay ngati miyezi isanu ndi umodzi, Gandhi anasamukira ku Rajkot kumene kunali mkulu wake. Kumeneko anayamba kulembera anthu makalata a madandaulo opita kwa akulu a boma. Ntchito imeneyi anaikhoza bwino, ndipo inampatsa ngati rupiya 300 pa mwezi. Akale anati, "Ukaipa dziwa nyimbo." Pakamwa panamkanika, koma dzanja lake linali la luso. Ichi chionetsa kuti munthu wolephera mbali imodzi ya ntchito sanalephere ntchito yonse. Asanataye mtima ayenera kufunsa kuti chimene chamkanika kwenikweni n'chiti.

4. Mkulu wake apeza khomo lina

Ngakhale ku Rajkot njira inayamba kutsekeka. Gandhi anapita kwa bwana wachizungu wa chigawocho kukapepesera mkulu wake pa nkhani ina, koma bwanayo anakwiya namtulutsa m'nyumba. Popeza ntchito yambiri ya maloya a kumeneko inali kudzera m'manja mwa bwana yemweyo, zinaoneka kuti mnyamatayo sadzakwera.

Laxmidas sanamseke mng'ono wake, ndipo sanamuwerengere ndalama zimene zinapita. Anatchera khutu kwa anthu amene anadziwana nawo. Amalonda ena a ku Porbandar, a kampani ya Dada Abdulla, anali ndi masitolo ku South Africa, ndipo anali ndi mlandu waukulu kumeneko. Maloya achizungu anali nawo kale. Chimene anafuna ndi munthu wodziwa Chingerezi ndi chinenero chawo, woti aime pakati pa iwo ndi maloyawo ndi kuthandiza kulemba makalata. Analembera Laxmidas kuti adzampatsa mng'ono wakeyo ulendo wopita ndi wobwera, ndi mapaundi 105, pa ntchito ya chaka chimodzi.

Kunena zoona, imeneyi sinali ntchito ya loya wa mkanjo, inali pafupi ndi ntchito ya kalaliki. Munthu wonyada akadaikana. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gandhi anavomera, ndipo mu 1893 anafika ku Durban.

Mlanduwo unali wa mapaundi 40,000, ndipo woimbidwa mlandu anali mbale wake wa Dada Abdulla yemwe, wokhala ku Pretoria. Nkhani yonse inagona pa mabuku a ndalama a m'sitolo, ndipo Gandhi sanadziwe kalembedwe kake. Sanabise umbuli wake kwa iye yekha. Anagula buku lophunzitsa zimenezo, naliwerenga kufikira anamvetsa. Atasanthula mapepala onse anaona kuti Dada Abdulla ali ndi mlandu wabwino. Koma anaonanso kuti malipiro a maloya a mbali zonse ziwiri ali kukwera mwezi ndi mwezi, ndi kuti mlandu ukapitirira, abale awiriwo adzasauka onse. Chifukwa chake anawapempha kuti asankhe mkhalapakati mmodzi womkhulupirira onse. Anatero, ndipo Dada Abdulla anapambana.

Wogonjayo anayenera kulipira mapaundi 37,000, ndipo kulipira zonse nthawi imodzi kukadamgwetsa. Gandhi anadandaulira Dada Abdulla kufikira analola kuti mbale wakeyo azilipira pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Onse awiri anatuluka ndi ulemu wawo. Mnyamata amene anasowa chonena pamaso pa woweruza anapeza kuti ali ndi mphatso ya nkhoswe, ndiyo ya kuyanjanitsa anthu amene ayambana.

5. Chimene loya asenza m'mutu mwake

Anthu ambiri ayesa kuti nzeru ya loya ili mu mkanjo wakuda ndi m'mawu okuluwika a kukhoti. Izo ndi zovala chabe. Nzeru yeniyeni ili m'zinthu zina zimene munthu aphunzira pa ntchitoyo.

Loya aphunzira kumvetsera munthu wosautsidwa kufikira nkhani yake yonse yatuluka. Aphunzira kusiyanitsa chimene munthu anaona ndi maso ndi chimene anangomva kwa ena. Aphunzira kuwerenga pepala mosathamanga, ndi kupeza mawu amodzi obisika amene angadzapweteke mwini wake. Aphunzira kuyang'ana nkhani kuchokera ku mbali ya mdani wake. Aphunzira kulemba momveka, ndi kusunga chinsinsi cha munthu.

Zinthu izi sizikhala kukhoti kokha. Zifunika m'banki ndi m'kampani, m'maofesi a boma, m'sukulu, m'nyuzipepala, m'mabungwe a alimi, ndi paliponse pamene anthu apangana za malo, za malonda kapena za malipiro. Kasemasema amene asema mtondo ndi yemweyo asema bwato. Mmisiri akaleka kusema mitondo, chipangizo chake sichibuntha chifukwa cha chimenecho. Wofuna kuthandiza loya kupeza ntchito ina ayambe ndi kumkumbutsa zipangizo zimenezi, pakuti munthu wotaya mtima aiwala zimene ali nazo m'manja.

6. Kuthawa ndi kupita

Gandhi anadza ku South Africa kudzakhala chaka chimodzi, koma anachokako mu 1914. Anali ataona nkhanza zimene anthu a khungu lake anali kuchitidwa. Iye mwini, pa ulendo wake woyamba wa ku Pretoria, anatulutsidwa m'sitima pa Pietermaritzburg usiku wozizira, ngakhale anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. Mu 1894 Amwenye a ku Natal anampempha kuti akhale awathandize kukana lamulo lowalanda mphamvu ya kuvota. Anakhala, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe la Natal Indian Congress.

Tsopano ntchito ya uloya inamuyendera bwino. Manyazi aja anatha. Mu 1903 anatsegula ofesi ku Johannesburg, ku Joni kuja, ndipo anali kulandira mapaundi zikwi zingapo pa chaka. Koma mtima wake unali kumka kwina. Mu 1904 anayamba mudzi wa Phoenix pafupi ndi Durban, kumene anthu anali kulima ndi kusindikiza nyuzipepala ya Indian Opinion. Mu 1910 bwenzi lake Hermann Kallenbach, mmisiri wojambula mapulani a nyumba, anapereka munda wa maekala 1,100 kunja kwa Johannesburg kuti mukhale mabanja a anthu omangidwa chifukwa chokana malamulo a tsankho. Mundawo unatchedwa Tolstoy Farm. Kumeneko loya uja anali kuphika, kuphunzitsa ana, ndi kusoka nsapato za zikopa. Luso la nsapatolo anamphunzitsa ndi Kallenbach, amene analitenga kwa amishoni a ku Mariannhill. Cha m'ma 1911 Gandhi anali atasiya ntchito ya milandu.

Pano pali kusiyana kumene wolangiza aliyense ayenera kukuona. Pamene Gandhi anafuna uphunzitsi ku Bombay, anali kuthawa manyazi a tsiku limodzi. Akadalandiridwa, mwina akadakhala moyo wake wonse ndi mantha osatha. Koma pamene anasiya milandu ku Johannesburg, sanali kuthawa kanthu. Ntchito anali ataidziwa, ndipo kumene anali kupita anali atakuyesa kale zaka zingapo. Kuthawa ndi kupita zifanana poyenda, koma wothawa ayang'ana kumbuyo, wopita ayang'ana kutsogolo. Wothawa afunika kumlimbitsa mtima. Wopita afunika kumtsegulira khomo.

7. Mkwiyo wa Laxmidas

Kusintha kumeneku kunali ndi mtengo wake, ndipo si Gandhi yekha anaulipira. Kwa zaka zambiri iye anali kutumiza kwa mkulu wake ndalama zonse zimene anasunga. Tsono anamlembera kuti asayembekezenso kanthu, pakuti zotsala zonse adzazipereka ku ntchito ya anthu. Laxmidas anapwetekedwa mtima kwambiri. Anamdzudzula kuti waiwala udindo wake pa banja la atate awo, ndipo pambuyo pake analeka kumlembera makalata.

Kodi Laxmidas analakwa? Munthu wachilungamo sangamtsutse msanga. Ndiye anafunafuna ndalama za ku London. Ndiye anamdyetsa ku Bombay. Ndiye anampezera khomo la ku Durban. Akale anati kupatsa n'kuikiza, ndipo m'banja losauka mwana wophunzira ndiye nkhokwe ya onse. Amene akana zimenezi, nanena kuti moyo ndi wake yekha, walankhula ngati munthu wogwa kumwamba wopanda amake.

Komabe pali malire. Ngongole ya ndalama ibwezedwa ndi kutha. Ulemu ndi chisamaliro kwa abale sizitha, koma sizili chimodzimodzi ndi ukapolo. Amene analipira sukulu anagula maphunziro, sanagule moyo wa mwanayo. Ngati iye wabweza mokhulupirika, nathandiza pa zaka zimene anali nazo, abale alibe mphamvu ya kumtsekera m'ntchito imene mtima wake wafamo. Gandhi anayamba wabweza, ndipo anauza mkulu wake poyera, sanangosowa mwakachetechete. Laxmidas ali pafupi kufa anamlembera mng'ono wake mawu a chiyanjano, nafuna kupita kukamuona, koma anamwalira mu 1914 asanakomane. Chibale ndi fupa, sichiola, koma zaka zimene abale awiriwa anataya pa mkwiyo sizinabwerere.

Pali chinthu china chimene Gandhi sanachite bwino. Mwana wake wamkulu, Harilal, anafuna kupita ku England kukaphunzira za malamulo monga atate ake. Gandhi anamkaniza, pakuti iye anali ataleka kukhulupirira maphunziro otere. Mwanayo anachoka kwa atate ake mu 1911 ndi mtima wowawa, ndipo bala limenelo silinapole kufikira imfa. Munthu amene wapatsidwa ufulu wa kutuluka pa khomo alibe ufulu wa kutseka khomo lomwelo kuti ena asalowe.

8. Maloya asanduka makalaliki

Kodi maphunziro a Gandhi anatayika? Yankho lioneka pa zimene zinachitika atabwerera ku India. Mu 1917 anaitanidwa ku Champaran, m'dziko la Bihar. Kumeneko alimi osauka anali kukakamizidwa ndi eni minda achizungu kubzala mbewu ya indigo, yopangira utoto wa nsalu, pa magawo atatu mwa magawo 20 a munda uliwonse. Unali mtolo wonga thangata limene linasautsa anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Maloya a ku Bihar anali kutengera milandu ya alimiwo kukhoti pa malipiro aakulu, koma mtolo sunachoke.

Gandhi anauza maloyawo kuti aleke za kukhoti, akhale makalaliki ndi omasulira. Anavomera. Tsiku ndi tsiku anakhala pansi ndi alimi, nalemba mawu a munthu aliyense, namfunsa mafunso kuti chonama chisalowe, ndipo mlimi anadinda chala chake pa pepala. Anasonkhanitsa maumboni a anthu zikwi zingapo. Boma linaika bungwe lofufuza, Gandhi ali mmodzi wa iwo, ndipo mu 1918 lamulo linathetsa kukakamiza kuja. Palibe amene anavala mkanjo, koma ntchito yonseyo inali ya nzeru ya uloya. Mmodzi wa makalalikiwo, Rajendra Prasad, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la India mu 1950.

Mu 1920 Gandhi anapempha maloya a dziko lonse kuti aleke kugwira ntchito m'makhoti a boma la Britain. Ena olemera kwambiri, monga Motilal Nehru ndi Chittaranjan Das, anasiya. Iwo anali ndi posungira. Koma loya wamng'ono wa ana asanu akadadyanji? Wamalonda wina wa ku Wardha, Jamnalal Bajaj, anapatula rupiya 100,000 zothandizira maloya amene anasiya ntchito. Munthu ameneyu anazindikira kuti mawu olimbikitsa saphika nsima. Patapita nthawi maloya ena anabwerera kukhoti, ndipo kubwerera kwawo sikunali kulakwa.

Mu 1922 Gandhi anamangidwa, ndipo atafunsidwa ntchito yake anayankha kuti ndi mlimi ndi woomba nsalu. Chaka chomwecho a Inner Temple anafafaniza dzina lake m'buku la maloya. Analibwezeramo mu 1988, patapita zaka 40 chimwalirire mwini wake.

9. Nanga osauka atsala ndi yani?

Pali mawu amodzi otsutsa amene ali olemera koposa a ng'ombe aja. M'maiko ambiri a mu Africa maloya ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo akhala m'mizinda. M'ndende muli anthu oyembekeza milandu yawo popanda wowanenera. Kumidzi kuli akazi amasiye olandidwa katundu. Loya mmodzi akachoka, anthu otere ndiwo ataya. Kodi si kudzikonda kusiya ntchito yosowa anthu chotere?

Mawu awa ali ndi choonadi, ndipo loya aliyense ayenera kuwayesa mumtima mwake asanachoke. Mwina chimene chamtopetsa si malamulo ayi, koma mtundu wa milandu imene agwira. Wotopa ndi milandu ya amalonda angapeze moyo watsopano poimira osauka, kapena pophunzitsa anthu malamulo a malo ndi a chuma cha masiye. Koma ngati mtima wafa ndithu, kumkakamiza sikupindulitsa wosauka. Loya wogwira ntchito monyinyirika aiwala masiku a khoti, awerenga mapepala mothamanga, ndipo wolangidwa chifukwa cha ulesi wake ndi munthu wa m'ndende yemwe uja.

Chimene sichiloledwa ndi kuchoka mlandu uli pakati. Mzamba sasiya mayi ali pa mphasa. Loya wochoka ayenera kutsiriza milandu imene ali nayo, kapena kuipereka m'manja mwa loya wina mwini mlandu akudziwa. Abweze mapepala a anthu ndi ndalama zonse zimene anamsungitsa. Zinsinsi zimene anamva apite nazo kumanda. Akale anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo.

10. Chithandizo choona

M'nkhani iyi muli anthu atatu amene anathandiza, ndipo aliyense anapereka chake. Laxmidas anafunsa kwa odziwana nawo, napeza khomo. Kallenbach anapereka malo, naphunzitsa luso latsopano ndi manja ake. Bajaj anapereka ndalama za masiku a pakati, pamene ntchito yakale yatha ndipo yatsopano isanabale. Mwa atatuwa mbale kapena bwenzi la loya angaphunzire chochita.

Poyamba amvetsere, osafulumira kudzudzula kapena kuyamika, kufikira adziwe ngati munthuyo ali kuthawa kapena kupita. Kachiwiri akhale naye pansi, awerenge pamodzi zimene adziwa kuchita, ndi kuzitchula m'mawu amene wolemba ntchito angamve. Mkulu wa kampani safuna kumva maina a milandu. Afuna kumva kuti munthuyu adziwa kuwerenga pangano ndi kuthetsa mkangano usanakule. Kachitatu awerenge naye ngongole zake, za ndalama ndi za chibale zomwe, ndipo mkazi kapena mwamuna wake ndi akulu a banja auzidwe poyera nthawi ikadalipo. Kachinayi amfikitse kwa munthu wodziwa ntchito yatsopanoyo, kuti aione ndi maso ndi kuiyesa asanataye yakale, pakuti safunsa anadya phula.

Naye loya ali ndi mbali yake. Alole kuyamba pansi, ndi kuphunzitsidwa ndi anthu amene sanafike pa sukulu imene iye anafika. Asanyoze ntchito imene waisiya, kapena anzake amene atsalamo.

Tsono akulu a banja akafunsa kuti, "Nanga ng'ombe zathu zinapitiranji?" yankho lilipo. Ng'ombezo sizinagule mkanjo, pakuti mkanjo asoka ndi telala masiku awiri. Zinagula munthu wodziwa kumvetsera, kuyesa umboni ndi kuona mbali ziwiri za nkhani. Munthu ameneyo akavula mkanjo, zonsezi apita nazo. Maphunziro atayika pokhapo pamene mwini wake aleka kuthandiza nawo anthu, ndipo chimenecho chingachitike ali kunja kwa khoti kapena ali m'kati momwe.